Achemwali anga akukakamizidwa kupita kufa, tiwathandize bwanji?

Wofunsa, kwa Tengani:

Abale mwa Ambuye, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Alamu anga anamwalira sabata zitatu zapitazo, ndipo akuchimuna auza achemwali anga kuti mwambo wa kupita kufa uyenera kuchitika mwezi usanathe, kutanthauza kuti agone ndi mwamuna amene iwo amupeza kuti achotse imfa pamudzi. Achemwali ndi mayi wa Mvano, ndipo akana, koma akuopsezedwa kuti mwana aliyense akadwala mlandu udzakhala wawo, komanso kuti popeza lobola linaperekedwa, dimba, mbuzi ndi ana omwe ndi za kuchimuna. Kodi Mkhristu angaime bwanji pamene womukakamizayo ndi apongozi ake enieni?

Mkulu wa mpingo, Ngabu:

Mayi, pepani ndi zovutazi. Malemba sakutisiya m'chikaiko pa nkhaniyi: 1 Akorinto 7:39 ikuti mkazi wamasiye ndi womasuka kukwatiwa ndi amene wamufuna, koma mwa Ambuye, ndipo palibe pamene akumulamula kugona ndi munthu kuti ayeretsedwe. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ife a mpingo timaimba usiku wonse pasiwa, timaika maliro, kenako timabalalika, mayiyo n'kutsala yekha tsiku limene akuchimuna akhala pansi kugamula. Nkhani yotere sitithandiza ndi mavesi otumiza pafoni. Uzani abusa lero lomwe kuti akulu a mpingo ndi amayi a Mvano akakhalepo pa zokambiranazo, ndipo amayi awiri kapena atatu azigona m'nyumbamo mpaka zitazizira.

Mphunzitsi, Nchalo:

Ndiwonjezerepo za malamulo, chifukwa ambiri kwathu kuno amaganiza kuti mwambo uli pamwamba pa boma. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza ngati umenewu, ndipo mu 2016 khoti linalamula bambo wina wa ku Nsanje, amene ankagwira ntchito ya ufisi, kukakhala kundende zaka ziwiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalonso limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi ngati ayamba kutenga mbuzi. Musaiwalenso kuti mwamuna wolembedwa ganyu yotereyi amayenda m'makomo ambiri, choncho nkhani ya kachilombo ka HIV si yongoyerekeza.

Mayi wamasiye, Bangula:

Ine ndinadutsamo, ndiye ndilankhula zimene ndinaona ndi maso anga. Ndikanena kuti kukana n'kophweka ndinama. Nditakana, kwa miyezi ingapo palibe wachibale amene ankadya nsima ya mumphika wanga, pachitsime amayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika, ndipo mwana wanga wamng'ono atadwala malungo, apongozi anafika pakhomo n'kunena kuti zimene ankanena zija ndi zimenezi. Usiku umenewo ndinatsala pang'ono kugonja, osati chifukwa choti ndinkakhulupirira mwambowo, koma chifukwa mantha a mayi pa mwana wake samva ulaliki. Amayi ena a kutchalitchi anandiperekeza kuchipatala m'bandakucha, mwana anapimidwa, analandira LA, n'kuchira. Achemwali anu muwakonzekeretse tsiku ngati limenelo, chifukwa kuno kuchigwa udzudzu sutha ndipo mwana adzadwala ndithu. Adziwiretu amene adzamuitane ndi kumene adzathamangire.

Bambo wa ku Makhanga:

Ndikugwirizana nanu, koma musakalankhule ngati apongoziwo ndi adani. Iwonso ataya mwana, ndipo akuchita zimenezi poopa kuti imfa ibwereranso pamudzi. Yambirani kwa ankhoswe ndi kwa amfumu, mwaulemu, apolisi abwere pambuyo. Mabanja ena amalola kuti m'malo mwa kugonana agwiritse ntchito mankhwala azitsamba, ngakhale ineyo ndimaona kuti kuvomera zimenezo ndi kuvomerabe kuti mayiyo ndi wodetsedwa.

Wofunsa, kwa Tengani:

Zikomo kwambiri nonse. Za mankhwalazo achemwali akana kale. Abusa avomera kuti Loweruka apita limodzi ndi ankhoswe kwa amfumu, ndipo ine ndanyamula mphasa yanga, ndizikagona komweko kuyambira usiku uno.