"Nyimbo imodzi sachezera gule": kodi atsibweni ankatanthauza chiyani?

Wofunsa, Kasungu boma

Akuluakulu odziwa Chichewa, ndithandizeni. Ntchito yanga ndi yoika nyimbo m'maukwati. Loweruka lapitali tidali ndi ukwati wa msuweni wanga ku Santhe, ndipo pa perekaniperekani ndidaika nyimbo ya azungu ija yoyamba ngati malipenga, The Final Countdown. Anthu onse dzandi! Ndalama zidagwa m'lichero mpaka owerengera adapempha lichero lina. Nditaona kuti yagwira, ndidaibwereza poitana akuchimuna, ndidaibwerezanso poitana akuchikazi. Kachinayi atsibweni adabwera pomwe ndidayala zida, n'kundigwira paphewa, amvekere: "Mwanawe, nyimbo imodzi sachezera gule." Basi, adabwerera pampando pawo.

Kuti amandidzudzula ndidamva. Chomwe chikundizunguza ndi liwu loti sachezera. Kucheza komwe ndimadziwa ine n'kokhala pansi n'kumakamba nkhani, nanga munthu angacheze bwanji ndi gule? Komanso ngati akunena nyimbo, bwanji sadanene kuti siichezera? Ndiye kunena zoona mwambiwo ndikuukayikira. Nyimbo imeneyi ndidaipeza ikulira pawailesi ndili mwana, mpaka lero ikudzutsabe anthu m'mipando. Imeneyo si nyimbo imodzi yomwe yachezera?

Mphunzitsi wopuma, Mkanda

Achimwene, mwafunsa bwino, koma mwasakaniza mawu awiri. Kuchezera kwa pamwambiwu n'kukhala maso pa chinthu usiku wonse mpaka kunja kuche. Timati "tachezera kukonola chimanga", "mwana wachezera kulira", "adachezera mowa". Palibe akukamba nkhani pamenepo. N'chifukwa chake gule wovinidwa usiku wonse amatchedwa mchezo, monga mmene amatchulira mapemphero a usiku wonse m'mipingo masiku ano.

Tsono pa sa- ndi sii-. Mukati "mutu umodzi susenza denga" kapena "chala chimodzi sichiswa nsabwe", wolephera ntchitoyo ndi mutu, ndi chala. Koma pano wochezera si nyimbo ayi, ndi anthu. Sa- ameneyu ndi yemwe uja wa m'malangizo a agogo: "pamtondo sakhala", "mchere sapempha usiku". Mchere supempha kanthu, opempha ndi anthu. Mukautambasula mwambiwu ukuti: ndi nyimbo imodzi, anthu sachezera nayo gule. Ndidamvapo ena akunena kuti siichezera, ndipo sindilimbana nawo, koma kutero kumasenzetsa nyimbo mlandu womwe si wake. Nyimboyo itha kukhala yokoma zedi. Wolakwa ndi woyambitsa nyimbo amene wabwera pabwalo ndi imodzi yokha m'kamwa.

Mayi wa ku Kapiri

Aphunzitsi anena zoona. Ine ndakulira m'chimtali ndipo ndimayambitsa nyimbo. Ana a masiku ano simudziwa kutalika kwa usiku chifukwa magetsi ndi masipika amakuimbirani. Pamchezo zonse zimachokera m'thupi la munthu. Oomba m'manja zikhato zimawawa, mawu amasasa, ng'oma ikazizira imafuna kuiwamba pamoto kuti ilirenso bwino. Pakati pa usiku anthu amayamba kuwodzera, ndiye woyambitsa wanzeru amasunga nyimbo ina yoti akaiponya nthawi imeneyo, ngakhale agogo amataya chitenje chofunda n'kulowa m'bwalo. Pali nyimbo zotsegulira, pali zonyoza amuna aulesi kuti anthu aseke, pali za m'bandakucha zotsazikira. Ukayamba ndi yokometsetsa n'kuibwereza kanayi, tambala woyamba asanalire watsala ndi ana okhaokha.

Kubwalo la gule wamkulu ndiye muyeso. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi kavinidwe kake, ndipo woimba ng'oma yotsogolera ya mbalule amatsata mapazi a chilombo chomwe chili m'bwalomo. Sungaimbire Chadzunda nyimbo ya Maliya. Zina za kumeneko sitinena pagulu, koma izi aliyense woonerera amaziona.

Mnyamata wa gitala, Kasungu

Ine ndiyankheko za nyimbo yomwe yabweretsa mlanduyi, poti bambo wofunsa akuti yachezera yokha. Eni ake ndi bandi ya ku Sweden yotchedwa Europe, ndipo idatuluka mu 1986 pa chimbale chawo chachitatu. Zomwe mukuti malipenga zija si malipenga, ndi kiyibodi. Woimba wawo, Joey Tempest, adapeka kachidutswa kameneko zaka zingapo m'mbuyomo pa kiyibodi yobwereka, n'kukasunga. Chomwe chingawasangalatse mayi a ku Kapiri n'chakuti anyamatawo adaikonza ngati nyimbo yotsegulira akakwera pansanja, yoti anthu adziwe kuti gule wayamba. Sadaganize kuti ndi imene idzawanyamule. Woimba gitala wawo, John Norum, poyamba sadaikonde n'komwe, ankaona kuti kiyibodi ikuphimba gitala pomwe iwo ndi bandi ya rock. Chaka chomwecho chisanathe adachoka m'bandimo, nyimboyo ili pakamwa pa aliyense.

Pamndandanda wa nyimbo zotchuka idakhala nambala wani m'mayiko 25, kuphatikizapo Britain. Koma ku America idalekera pa nambala 8, ndipo nyimbo yawo yomwe idakwera kuposa pamenepo kumeneko ndi ina yoziziritsa mtima, Carrie, yomwe idafika pa nambala 3. Ndiye kunena kuti adali ndi nyimbo imodzi n'kuwalakwira. Kungoti imodziyo idakula n'kuphimba zinzake, ngati mtengo wa kachere womwe pansi pake chimanga sichikula. Mu 1992 adabalalika. Adadzakumananso ku Stockholm usiku wa pa 31 Disembala 1999 kuimbira anthu podikira chaka cha 2000, chifukwa nyimbo yowerengera nthawi yotsala idalibe usiku wina woiyenera kuposa umenewo. Kuyambira 2003 adabwererana kwathunthu, Norum ali momwemo, ndipo atulutsa zimbale zina zingapo zomwe kuno palibe amazidziwa.

Wofunsa

Eya, ndiye mwandithandiza mbali yanga, achimwene. Zimbale zinazo palibe akuzidziwa, koma imodziyo ikuwadyetsabe. Mwambi wagwa pamenepo.

Mphunzitsi wopuma, Mkanda

Sudagwe, mwauimika pamalo polakwika. Mukuwerenga zaka, pomwe mwambi ukuwerenga usiku umodzi ndi anthu omwewo. Nyimbo yanuyo yakhala zaka zonsezi chifukwa imamveka mphindi zisanu lero ku Santhe, mawa pabwalo la mpira, mkuja m'minibasi, ndipo makutu ake amakhala ena tsiku lililonse. Pakati pakepo anthu amapuma, amaiiwala, n'kudzaikondanso. Inu mudatenga anthu omwewo, m'holo yomweyo, n'kuwamwetsa kanayi. Ngakhale eni akewo akaitanidwa kukaimba, sangaime pansanja ola lathunthu ndi theka akubwereza yomweyo. Amene walipira pakhomo angawagende.

Ndipo taonani zomwe wanena mnyamata wa gitala, kuti adaipekera kutsegulira. Nyimbo yotsegulira imalonjeza kuti kukubwera zina. Inu mudalonjeza kanayi osabweretsa kanthu.

Mlimi wa ku Chamama

Kwathu kuno mwambi umenewu sitiunenera zovina kwenikweni. Bambo anga ankaunena tikamachokera ku Chinkhoma fodya atagulidwa motchipa. Munthu walima fodya yekhayekha, ngongole ya feteleza ili pakhosi, atenanti akudikira malipiro, ndiye mabelo abwezedwa. Mnzake amene adaikako mtedza ndi soya pambali amagona tulo. Pamenepo akulu amangoti nyimbo imodzi sachezera gule. Ndidaumvanso pabwalo la milandu kwa a nyakwawa, munthu akungobwereza mfundo imodzimodzi poyankha funso lililonse. Nduna idamuuza mwambi womwewu, kutanthauza kuti bweretsa umboni wina, uwu taumva.

Wina wa ku Kamwendo

Ena amaunenanso akafuna kutenga mkazi wachiwiri, kikiki.

Mayi wa ku Kapiri

Bambo inu musatiyambe dala. Amenewo ndi akuba miyambi. Pamchezo timasintha nyimbo, sitisintha bwalo. Mwamuna woteroyo ndiye amene ali ndi nyimbo imodzi, yoti "ndalama kulibe", chaka ndi chaka.

Mnyamata wa gitala, Kasungu

Mayi mwandiseketsa. Koma ine mwambiwu umandiwawa penapake, ndinene. Ifenso tili ndi kabandi kathu, ndipo pa nyimbo zomwe tidajambula, imodzi yokha ndi yomwe anthu adaigwira. Tikaimba pamalo, tisanamalize n'komwe kukonza mawaya, ayamba kale kukuwa kuti tiimbe ijayi. Tikaika yatsopano amapita kukagula zakumwa. Ndiye aphunzitsi mukati wolakwa ndi woyambitsa nyimbo, ine ndikuti nthawi zina ovina ndi amene amakana kuchezera. Kumudzi woyambitsa akaponya nyimbo yatsopano, amayi amaiphunzira pompo n'kuyamba kuvomera, chifukwa gule ndi wawo. Ife otiimbira m'manja ndi makasitomala. Pamenepo sindidziwa ngati mwambi wa pabwalo ukukwanira bwino m'holo yolipira pakhomo.

Mphunzitsi wopuma, Mkanda

Apo wandigwira, mwana wanga, sindikutsutsa. Koma yesa kuwaimbira ijayi kasanu motsatizana tsiku lina, udzatiuze amene adatsala.

Wofunsa

Ndabwera ndi lipoti. Dzulo ndidakwera njinga kupita kwa atsibweni kukawafunsa maso ndi maso, nditanyamula shuga wopepesera. Ndidawafotokozera zonse za mchezo, za sa- ndi sii-, mpaka za ku Sweden. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kuseka. Akuti iwo tsiku lija adali ndi K5,000 m'thumba la jekete yoti akafupe mwana wa mlongo wawo, ndipo ankadikira kuti ndiike kanyimbo kakwathu koti munthu wamkulu n'kuponyako mwendo mwaulemu. "Nanga ine ndi imvi zangazi ndikadalowa m'bwalo ndi malipenga a asilikali?" Ndalamayo adabwerera nayo kumudzi, ndipo akuti msuweni wanga akaifuna akandifunse ine.

Mayi a ku Kapiri, mwezi wamawa ndili ndi ukwati wina ku Kamwendo. Ngati gulu lanu lidajambulitsako nyimbo za chimtali, ndilembereni kumbali tigwirizane mtengo.