Ntchito yatha ku Moatize: ndidikire, ndipite ku Joni, kapena ndibwerere kumunda ku Angónia?

Membala wobisa dzina

Abale anga, ndapempha a admini kuti abise dzina langa chifukwa pa gulu pano pali anzanga a kuntchito komanso alamu anga. Ndikufuna malangizo a anthu amene mukuona mmene ntchito zikuyendera m'chigawo chathu cha Tete.

Ndine woyendetsa makina okumba, ndili ndi mkazi ndi ana atatu. Kwathu ndi ku Angónia, mbali ya Dómuè, koma ndakhalitsa ku Moatize. Ndinkagwira pa kampani ina yaing'ono imene imapatsidwa ntchito ndi eni migodi. Mwezi wathawu anatiuza kuti ntchito yachepa, gulu lathu lonse tiyambe takhala pakhomo. Anatipatsa kangachepe, ndipo lendi ikuidya ndalamayo pamene mvula nayo yayandikira.

Kuchotsedwa ntchito si kwachilendo kwa ife a ku malasha. Cha m'ma 2015 ndi 2016 mtengo wa malasha unagwa, ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zinaululika, dola imodzi inafika pafupi ndi ma meticais 80. Anthu anachotsedwa, koma ena analowa uderaivala ku mabungwe a zaumoyo, ena patapita nthawi anapita ku ntchito ya gasi ku Palma. Mu 2020 korona inatikhalitsa pansi, chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo koyamba patatha zaka pafupifupi 30, komabe malasha anakweranso mtengo, kampani ya Vale inagulitsa mgodi wa ku Moatize kwa Vulcan mu 2022, ndipo ambiri tinaitanidwanso.

Ulendo uno ndikuona kusiyana. Chitachitika chisankho cha Okutobala 2024 ndi ziwonetsero zija, chuma chinatsika ndi 4.9 peresenti m'miyezi itatu yomaliza ya chakacho, n'kutsikanso ndi 3.9 peresenti kumayambiriro kwa 2025. Malasha agwa kuchoka pa mitengo ya 2022. America inadula thandizo la USAID, moti amene tinkathawirako aja nawonso ali pakhomo. Boma likuvutika kulipira amene linawalemba kale. Ku Maputo, kampani ya South32 inalengeza mu 2025 kuti fakitale ya aluminiyamu ya Mozal idzaima mu Malichi 2026 ngati nkhani ya magetsi siitheka. Kothawira kwatsekeka konse nthawi imodzi.

Ndiye nditani? Ndikhale ku Moatize n'kumadikira kuitanidwa? Ndipite ku Joni kumene kuli msuweni wanga? Kapena nditenge banja tibwerere kumudzi, ndalamayi ndiiike m'munda? Amene mwadutsamo, ndithandizeni.

Mayi amene ankagwira ntchito yolemba antchito ku Tete

Achimwene, musanasankhe kopita, tsegulani kontrakiti yanu muone ngati inali ya nthawi yoikika kapena yopanda malire. Malipiro ake amasiyana. Pa yopanda malire, akakuchotsani chifukwa cha mavuto a kampani ndipo malipiro anu anali a m'munsi, lamulo limati masiku 30 a malipiro pa chaka chilichonse chimene munagwira. Pa ya nthawi yoikika imene aidula isanathe, amayenera kukulipirani miyezi yotsalayo. Lamulo la ntchito latsopano ndi la nambala 13/2023, linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Masamu akapanda kugwirizana, pitani ku CEMAL, ofesi yoyanjanitsa antchito ndi owalemba, kapena kwa oyendera za ntchito a Inspecção Geral do Trabalho, ndipo musachedwe chifukwa nthawi yodandaula ili ndi malire.

Pitaninso ku INSS, bungwe la penshoni, mukaone ngati ndalama zimene ankakudulani zinkafikadi. Penshoni yathunthu imafuna miyezi 240 yosonkha, ndipo munthu amaloledwa kupitiriza yekha kupereka 7 peresenti ngakhale ali kumunda. Ambiri amasiya zaka zawo zili pakatikati.

Za kudikira, ndinene zimene ndinaona. Mtengo ukagwa, eni mgodi amayamba kuchepetsa ntchito yochotsa dothi pamwamba pa malasha, ndiye makampani aang'ono ngati yanu ndi amene amayamba kuvulala. Ukakwera, amayamba kuwonjezera maola a amene atsala, kulemba atsopano kumabwera pambuyo. Kuitanidwa kungabwere, koma si chinthu chokhalira pa lendi n'kumachiyembekeza.

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri mayi. Yanga inali ya chaka chimodzi, ankangoiwonjezera ikatha, ndipo iyi aidula isanafike kumapeto. Ndikaionetsa ku CEMAL sabata ino.

Mnyamata wa ku Furancungo amene ali ku Johannesburg

Akulu, ndili konkuno, ndimvereni. Musabwere ndi ndalama ya ana. Eni dziko, mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito sakuipeza, ndiye mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ayambira pati? Satifiketi yanu ya makina ya ku Mozambique sakangoilandira pa geti, mudzafunika mapepala akuno, ndipo palibe angakukwezeni pa makina odula chonchija ndi pasipoti ya masiku 30. Mudzathera kosakaniza simenti kapena kumunda ku Limpopo. Mu 2025 a gulu lodana ndi alendo la Operation Dudula ankaima pa makomo a zipatala kubweza alendo. Msuweni wanuyo mufunseni funso limodzi: ntchito akukuitaniraniyo ndi ya kampani iti, ndipo mapepala akonza ndani? Akayamba kuzungulira, mwamva kale yankho.

Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano

Ine ndiyankhe za munda, chifukwa ndikuona anthu a m'tauni akuuona ngati pothawira pophweka. Achimwene, mbatatesi imadya ndalama musanaione n'komwe: mbewu, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mankhwala a chiwawu, aganyu opalira ndi okwezera, matumba, ndi galimoto yotulutsa katundu m'misewu yathu ino mvula ikagwa. Mbatatesi ya dzinja aliyense amakolola nthawi imodzi, mavenda amabwera kudzatchula mtengo wawo, ndipo simungaisunge miyezi yambiri podikira.

Komanso vuto lanu la ku Moatize latifika kale kuno. Amene ankagula mbatatesi, kabichi ndi tomato wathu ndi omwewo olandira malipiro a ku migodi, malo odyera a ku Tete ndi makichini a m'makampu. Iwo akachepa, thumba limagona pa msika. Mbali ya Malawi, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugulitsa mu kwacha pa Biriwiri kapena pa Lizulu n'kovuta, chifukwa posintha kuti mupeze meticais phindu limathera pomwepo. Anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu akuwoloka ambiri kudzafuna ganyu kuno popeza metical ili ndi mphamvu. Kwa wolemba aganyu ndi mwayi, koma kwa wobwera kumudzi wopanda mpamba, akudzapikisana nawo pa khasu lomwelo.

Sindikukuletsani. Ndikuti chaka choyamba limani chimanga cha pakhomo, nyemba ndi soya. Soya safuna feteleza wambiri, amasungika, ndipo oweta nkhuku amamufuna. Mbatatesi muiyambe m'dimba mvula ikatha, pamalo pang'ono, ndi kapampu ka madzi, kuti mudzakolole pamene pa msika pachepa. Fodya wa kontrakiti ndi Mozambique Leaf Tobacco amapereka zipangizo pa ngongole, koma nazale anthu anafesa kale, chaka chino mwachedwa naye.

Wophunzira wa ku ISPT, sukulu ya ukachenjede ya ku Tete

Koma akuluakulu, bwanji tikungonena zoipa zokhazokha? Kumapeto kwa 2025 TotalEnergies inachotsa force majeure (kuimitsa ntchito chifukwa cha nkhondo) imene inaika mu Epulo 2021, kuti ntchito ya gasi ku Afungi, ku Palma, iyambirenso. Kuno kwathu kuli pulani ya damu la magetsi la Mphanda Nkuwa la 1,500 MW, mgwirizano wake ndi EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo unasainidwa mu Disembala 2023. Damu silimangidwa opanda oyendetsa makina. Munthu waluso ngati uyu akabwerera ku khasu, dziko likutaya.

Dalaivala wa thiraki za Beira ndi Zóbuè

Mphwanga, zimene wanenazo n'zoona, koma kusaina pepala ndi kulemba anthu ndi zinthu ziwiri. Mphanda Nkuwa takhala tikuimva kuyambira tili anyamata. Ana a mkuluyu adya chiyani podikira? Langizo langa kwa mwini funso: kalembetseni ku INEP, ofesi ya boma ya ofuna ntchito, mapepala anu a makina akhale osatha ntchito, CV isiyeni kwa anzanu amene atsala mkati, nambala ya foni musasinthe. Zimenezi sizifuna kuti mukhale ku Moatize. Ulónguè ndi Tete ndi ulendo wa tsiku limodzi pa shapa.

Ndipo chenjerani ndi a pa WhatsApp amene akugulitsa malo a ntchito ku Palma, amvekere tumizani ya mayeso a chipatala pa M-Pesa kapena e-Mola. Ntchito zikasowa, anthu amenewa amachuluka. Ndaona amuna akuluakulu atagona pa siteji ku Nampula ndalama itatha.

Membala wobisa dzina

Za Joni ndazisiya, zikomo mphwanga wa ku Furancungo. Mtima ukupendekera kumudzi, koma mawu a wophunzirayu andikhudza. Luso limeneli ndinalivutikira, ndipo makina ukawasiya nthawi yaitali amalemba amene dzanja lake likadali lotentha.

Agogo a ku Ulónguè, mphunzitsi wopuma

Mwanawe, onse akamba za mitengo, koma palibe wakufunsa kuti munda ukunenawo ndi wa yani. Ngati ndi wa kuchikazi kwa amayi ako, pamene iwe unali ku Moatize alongo ako ndi ana awo akhala akulima pamenepo. Usangotulukira ndi matumba a feteleza. Tsogoza mawu kwa amalume ako, mukhale pansi, akuonetse malire, ndipo a mfumu adziwe. Ngati ndi wa kwa mkazi wako, dziwa kuti ukukakhala mkamwini, ndipo zokolola mudzazikambirana ndi eni mbumba. Kuno ku Angónia malo anachepa, obwerera kumudzi si iwe wekha, ndipo milandu ya malire yachuluka.

Za luso lako usade nkhawa kwambiri. Kuno kuli alimi okhala ndi mathirakitala amene amasowa woyendetsa wodziwa kusamala injini, makamaka miyezi ino yolima. Ndi ganyu ya nyengo, malipiro ake safika a ku mgodi, koma dzanja silizizira. Mkazi wako wamufunsa? Ana asatuluke sukulu chaka chisanathe.

Membala wobisa dzina

Agogo, munda ndi wa kwa amayi anga, ndipo mlongo wanga wamng'ono ndi amene akulima mbali ina. Amalume ndiwaimbira usiku uno. Mayi a kunyumba amagulitsa zaphikaphika pa msika wa ku Moatize, ndipo maganizo awo ndi akuti iwo atsale ndi ana m'chipinda chotchipa mpaka mayeso athe, ine nditsogole kukadzala. Ndikuona kuti ndi mmene tichitire.

Kwa achimwene a ku Tsangano, mbewu ya soya yodalirika ndingaipeze kuti pakati pa Ulónguè ndi Dómuè, ndipo pa hekitala imodzi ndikonzekere makilogalamu angati? Ndiponso ngati pali amene akudziwa mwini thirakitala wofuna dalaivala mbali imeneyo, lembani pansipa, a admini andilumikiza nanu.