Foni ikuti ili ndi ma virus 13, ndidine kapena ndisiye?

Nangozo_SengaBay
Abale ndithandizeni. Dzulo mwana wanga amasaka ma past paper a MSCE pa foni yanga ndiye mwadzidzidzi panatulukira chiuthenga chofiira foni ikunjenjemera, akuti ili ndi ma virus 13 ndipo batire ifa ndikapanda kudina pomwe alemba Clean Now, pamwamba chizindikiro cha Google, pansi kawotchi kakuwerenga chobwerera. Mwanayo anangozimitsa ndi mantha. Lero ndayatsa zikubwerabe mmwamba muja mofikira mauthenga a WhatsApp. Foni yake ndi yomweyi ndimalandilira ndalama za nsomba kwa makasitomala a ku Lilongwe ndiye mtima suli mmalo. Ndikafulashitse?

Wamafoni_KamuzuRoad
Mayi musadine komanso musafulashe, mungotaya zithunzi ndi manambala a makasitomala anuwo pachabe. Tsamba la pa intaneti silingathe kusecha mkati mwa foni yanu nkuwerenga ma virus, chija ndi chithunzi chabe anachikonzeratu ndipo aliyense wofika patsambalo amauzidwa zomwezo olo foni yake ikhale yochotsa mu katoni lero lomwe. Chizindikiro cha Google aliyense atha kukopa nkumata. Kawotchiko ndi kokuthamangitsani basi kuti musapeze mpata wofunsa munthu.

Zikubwerabezo ndiye kuti mwana anadina Allow penapake, masamba ambiri a zodawuniloda amafunsa zimenezo. Lowani mu Chrome, timadontho titatu tapakona, Settings, Site settings, kenako Notifications, mupeza masamba a mayina osadziwika bwino omwe analoledwa, atsekeni onse. Mukatero lowani mu Play Store dinani kachithunzi kanu pamwamba mupite pa Play Protect muskane. Ndi yaulere, inabwera kale ndi foniyo.

Chambo_Boy
Koma big ine ndinadina ndinayika ka cleaner kaja mpaka pano foni ikuyenda bhobho, mwina tikungoopsezana

Wamafoni_KamuzuRoad
Aise tayang'ana kaye zomwe unakaloleza kaja. Ngati kanapempha kuwerenga ma SMS ndi ma contacts dzifunse kuti kochotsa zinyalala kakufuna chani mmauthenga ako, poti ma code a ku banki amafikira momwemo. Ndipo bundle yako sikutha msanga masiku ano? Ma app ena amangokudyera data ndi zotsatsa, koma oopsa kwambiri ndi ma APK, mafayilo oyikira ma app otumizirana pa WhatsApp aja, amenewo sanadutse nkomwe mu Play Store.

Aphunzitsi_KK
Pa laputopu ziliponso, kuno ku Nkhotakota zinachitikira mnzathu wina. Sikilini yonse inadzadza, alamu kulira, akuti kompyuta yatsekedwa imbani nambala iyi ya Microsoft. Chonsecho a Microsoft sayika nambala ya foni pa mauthenga awo ochenjeza. Ukayimba akubawo amakuuza uyike AnyDesk kapena TeamViewer, mapulogalamu abwinobwino ndithu koma ukapatsa munthu nambala yake amayendetsa kompyuta yako ali kwawo, iwe nkumangoonerera kamuvi kakuyenda kokha. Mnzathuyo anapulumuka poti analibe mayunitsi oyimbira kunja kkkk. Zikatero gwirani Esc kwa kanthawi, zikakanika Ctrl Alt Delete mutseke Chrome yo mu Task Manager, ndipo ikamatseguka musavomere kubwezeretsa masamba aja.

Ejenti_Dwangwa
Ine za ma virus sindilowelerapo, koma asisi poti mwatchula ndalama. Chomwe ndimaona pa kauntala panga nthawi yodula nzimbe anthu akalandira si ma virus ayi, ndi kuyimbilidwa. Wina akuti ndatumiza ndalama molakwika bwezani chonde mwana ali kuchipatala, uthenga wakewo ukauwonetsetsa wachokera pa nambala ya munthu wamba. Musabweze musanaone balansi nokha, *211# ku Airtel Money kapena *444# ku Mpamba, ndipo ngati zalowadi muuzeni ayimbire kampani ndi yomwe imabweza. Wina amadzitcha wa customer care akuti line yanu itsekedwa tchulani PIN tikukonzereni. PIN siyitchulidwa, olo kwa ine ejenti, mumalemba nokha. Chimodzimodzi code ya manambala 6 ya WhatsApp ija, mukangoyipereka akulandani akaunti ayamba kupempha ndalama kwa abale anu mdzina lanu. Zikachitika imbirani kampani yanu ya foni pompo, mukanenenso kupolisi, lamulo lake lilipo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Anthu amachita manyazi nkungokhala chete ndiye nambala yomweyo imabera wina mawa.

Nangozo_SengaBay
Zikomo nonse. Achimwene a ku Kamuzu Road ndapezamo masamba anayi ndatseka, phee tsopano, Play Protect yati palibe vuto. Koma pali ka app kena kachithunzi ka tsache sindikukadziwa ndipo ndikakagwira sikakubweretsa Uninstall, mwana akukana kuti si iye.

Wamafoni_KamuzuRoad
Kameneko mwina kanabwera ndi foni, kapena kanadzipatsa udindo wa admin. Mu Settings sakani Device admin apps mukachotse chizindikiro kenako muyesenso. Kakakanabe mudutse nayo mukabwera ku boma, koma PIN yanu sinthani lero lomwe musadikire.