Dinari ya Trajan yolemera magalamu 2.6: yeniyeni kapena yachinyengo?

Kadzidzi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi dinari, ndalama yakale ya siliva ya ku Roma, yokhala ndi mutu wa mfumu Trajan. Kutsogolo kwalembedwa IMP TRAIANO AVG GER DAC P M TR P, kumbuyo COS V P P SPQR OPTIMO PRINC. Pasikelo ikulemera magalamu 2.6, m'lifupi mamilimita 19, ndipo maginito sakuikoka. Kupepukaku ndiye kuti ndi yabodza?

Nyundo: Zolembazo zilibe vuto. DAC ndi dzina laulemu limene Trajan anapatsidwa m'chaka cha 102 AD atagonjetsa dziko la Dacia, ndipo COS V, kutanthauza kuti anali atakhala pa udindo waukulu wa consul kasanu, ikusonyeza zaka za 103 mpaka 111. Koma achinyengo amakoperanso zilembo, choncho musadalire zimenezo. Za maginito iwalani: mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa.

Dinari za nthawi imeneyo zimalemera magalamu 3.2 mpaka 3.4. Yanuyo yapepuka ndithu, ngakhale kuperepeseka ndi kudyeka m'nthaka kumachotsako pang'ono. Chofunika kwambiri n'kudziwa mmene inapangidwira. Aroma ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo. Achinyengo ambiri amasungunula chitsulo n'kuthira m'chikombole. Tengani galasi lokulitsa kakhumi, muunike ndi tochi cham'mbali. Yomenyedwa imakhala ndi zilembo zakuthwa m'mbali, timizere topyapyala tothamangira kunja pomwe siliva anayenderera, ndiponso timing'alu tolowa mkati kuchokera m'mphepete. Yothiridwa imakhala ndi timaenje tozungulira ta thovu la mpweya, timabulu pamalo osalala, ndi tsitsi la mfumu looneka ngati sopo wosungunuka. M'mphepete mumakhala msoko pomwe zikombole ziwiri zinakumana. Ngati msoko palibe koma pali zikande zofanana zolowera mbali imodzi, wina anadutsapo ndi tupa.

Sikelo: Ndiwonjezereko muyeso wa m'madzi. Ikani kapu ya madzi pasikelo yowerenga mpaka 0.01, muibweze pa ziro. Mangani ndalamayo ndi ulusi wopyapyala, muimize yonse osagunda pansi kapena m'mbali mwa kapu. Gawani 2.6 ndi nambala imene yatuluka. Siliva weniweni amapereka 10.5, mkuwa pafupifupi 8.9, mtovu 11.3. Dinari yabwino ya Trajan, poti inasakanizidwa mkuwa pang'ono, iyenera kukhala cha m'ma 10.

Koma chenjerani, kandalama kotere kamasuntha madzi ochepa kwambiri, osafika ngakhale galamu 0.3. Kathovu kamodzi komatirira pa ulusi kangakusocheretseni. Bwerezani kasanu, mutenge nambala yapakati. Ndipo musaigwetse patebulo kuti mumve kulira kwake. Siliva wakale amauma mkati, amatha kusweka pakati.

Kadzidzi: Zikomo akulu. Msoko palibe, timaenje palibenso, zilembo n'zakuthwa. M'madzi ndapeza 9.0. Koma pakhosi pa mfumu pasupuka kachikamba, pansi pake pakuoneka pofiirira ndi tobiriwira.

Nyundo: Apo ndiye zamveka. Imeneyo ikufanana ndi zimene osonkhanitsa ndalama zakale amazitcha fourrée: mkati mkuwa, kunja kokutidwa ndi siliva wopyapyala, kenaka n'kumenyedwa ndi zidindo. Ndi yachinyengo, koma chinyengo cha kalekale, cha anthu a nthawi ya Aroma omwewo. N'chifukwa chake yapepuka pomwe kukula kwake kuli bwino: mkuwa ndi wopepuka kuposa siliva. Mtengo wake ndi wotsika kuposa yeniyeni, koma si yotaya ayi, ena amazifunafuna dala.

Yerekezani chithunzi chake ndi za pa OCRE, ndandanda ya pa intaneti ya ndalama za Aroma, ya bungwe la American Numismatic Society. Pa fourrée nthawi zina mumapeza chilembo cholakwika, kapena kutsogolo ndi kumbuyo kwa zaka zosiyana.

Tobiriwirato yang'anitsitsani. Ngati ndi tolimba, tisiyeni. Ngati ndi taufa totuwirako, tochoka ndi kamtengo kotokosera m'mano, ndiye kuti mchere wa m'nthaka ukudya mkuwawo ndipo chinyezi chikuupatsa mphamvu. Musaitsuke ndi mandimu kapena mankhwala opukutira siliva, chikambacho chidzasupuka chonse. Isungeni payokha m'kabokosi kotseka bwino muli timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, osati m'kathumba ka pulasitiki yofewa ya PVC.