Uthenga wabisala kuseri kwa tab, ndithandizeni

Akuluakulu odziwa za mapulogalamu, ndipempheko nzeru. Ndikuwapangira achimwene kapulogalamu kolembera katundu pashopu yawo ya zipangizo zaulimi ku Luwinga kuno. Ndikulemba mu chiyankhulo cha kompyuta cha Python ndi tkinter, chida chake chopangira mawindo ndi mabatani. Poyamba zonse ndinangoziunjika pa windo imodzi, moti pa laputopu yawo ya sikirini ya 1366 x 768 batani losungira linkabisala pansi. Ndiye ndinagawa ndi ttk.Notebook kukhala ma tab anayi (masamba amene umatsegula podina dzina lake pamwamba): katundu, mitengo, kokapikula ndi zotsala m'shopu.

Kukongola kwakongola, koma dzulo zinavuta. Alamu analemba thumba la feteleza n'kudina kusunga osatsegula tab ya mitengo. Pulogalamu inakana poti mtengo sunalembedwe, koma uthenga wofiira wonena vutolo unali pa tab imene sakuiona. Anadina katatu, kenako anatseka laputopu n'kutenga kope lawo lakale, nkhope itagwa.

Nditani pamenepa? Ndigwiritse ntchito select() kuti iziwapititsa yokha pa tab yolakwikayo, kapena ndingoika kachizindikiro pa dzina la tab? Ine ndikuopa kuti kuwasamutsa mwadzidzidzi kuwasokoneza. Nanga batani losungira likhale limodzi kunja kwa ma tab onse, kapena tab iliyonse ndi lakelake?