Kodi Heart of Darkness limadzudzula utsamunda kapena limanyoza Afirika?

Funso:
Ndawerenga buku la Joseph Conrad limene lidayamba kutuluka m'magazini ya Blackwood's mu 1899. Likuonetsa nkhanza za amalonda a minyanga ya njovu, koma anthu akuda m'bukumo pafupifupi salankhula konse. Kodi buku lotere tingati likutsutsa utsamunda?

Yankho loyamba:
Likutsutsa ndithu, achimwene. Conrad adafika ku Congo mu 1890, dzikolo lili m'manja mwa Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Kumbukirani pamene Marlow, amene akusimba nkhaniyi m'bukumo, akuona amuna omangidwa unyolo m'khosi, ena atagona pamthunzi kudikira imfa, pomwe wowerengera ndalama wa kampani watchena zovala zoyera mbee, akungosamala mabuku ake. Kurtz, wogwira ntchito yosonkhanitsa minyanga ku kampaniyo, amene adapita ngati wodzatukula anthu, adafika pozika mitu ya anthu pamitengo kuzungulira nyumba yake.

Yankho lachiwiri:
Pepani akulu, ine ndili kumbali ya Chinua Achebe, mlembi wa ku Nigeria, amene mu 1975 adanena kuti Conrad anali watsankho. Chisoni cha Marlow n'chenicheni, koma chimafanana ndi chisoni chomvera ng'ombe yolemedwa ndi goli, chifukwa Aafirika alibe maina ndipo dziko lawo langokhala bwalo loonetserapo kuwonongeka kwa mtima wa mzungu.

Yankho lachitatu:
Musaiwalenso kuti Marlow, amene amati amadana ndi bodza, adanamiza bwenzi la Kurtz kuti mawu omaliza a Kurtz asanamwalire anali dzina la mayiyo. Ndikuona kuti Conrad akuloza anthu a ku Ulaya amene ankadyerera chuma cha minyangacho osafuna kumva kumene chachokera.