Mvula yalowa m'nyumba yosungiramo mbewu: tigule malouvre ati?

Mlembi (Chadiza): Abale ndi alongo, mvula ya Lachiwiri usiku inalowa m'nyumba yathu yosungiramo mbewu kudzera m'mabuloko a mabowo a khoma lakum'mawa. Matumba a nshawa zodzala amene anatsamira khomalo anyowa, moti amayi akhuthula nshawazo n'kuziyanika pakhonde. Mlamu wathu wa ku Lusaka walonjeza kugula malouvre agalasi kuti tichotse mabulokowo. Tikupempha maganizo anu.

Mmisiri (Kitwe): Alamu athu tikuwathokoza, koma malouvre agalasi ndi a nyumba yogonamo anthu, mmene wina amadzuka n'kutseka akamva mvula padenga. M'nyumba ya mbewu simugona munthu. Tikawasiya otsegula mvula idzalowa monga yachitiramu, ndipo tikawatseka mpweya udzaima, chinyezi chidzachuluka, nshawa zidzachita chuku, ndipo chuku chimenecho n'chimene chimabweretsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amakanitsa nshawa kwa ogula. Tikufunika malouvre achitsulo osasuntha. Ena ali ndi mzere umodzi wa timapepala tachitsulo topendekera, ndipo amateteza mvula yogwa choongoka yokha. Ena kapepala kalikonse kali ndi kangalande kotengera madzi kumbali n'kuwatayira kunja. Enanso ali ndi mizere iwiri, kuti dontho limene lapulumuka woyamba likakodwe pa wachiwiri. Mvula ya kwathu ya mu Novembala imadza ndi chimphepo, choncho a mzere umodzi opanda ngalande tingotayapo ndalama.

Msungichuma (Chipata): Achimwene, m'mashopu a kuno ndaona agalasi ndi a mzere umodziwo. Enawo ayenera kuitanitsidwa ku Lusaka, ndipo thumba lathu lilibe mphamvu yotero.

Mphunzitsi wopuma pantchito (Katete): Thumba likanakhala ndi mphamvu a msungichuma mukanatiuza kumene kunapita malata amene anatsala pofolera. Tinasonkha ndalama za denga lotuluka bwino kunja kwa khoma, koma limene lilipo langoti pakamwa pa khoma penipeni. Mvula ikulowa chifukwa cha denga, osati chifukwa cha mabowo.

Msungichuma (Chipata): Aphunzitsi, malisiti onse ndinawawerenga pamsonkhano umene inu simunabwere.

Mmisiri (Kitwe): Aphunzitsi anena zoona mbali imodzi. Denga lotuluka kwambiri limatchinjiriza mabowo amene ali m'mwamba pafupi nalo, koma mphepo ikakula madzi amayenda chopingasa ndipo amafikabe. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 13030, umene amayesera malouvre powawaza madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 75 pa ola, pamodzi ndi mphepo ya mamita 13 pa sekondi. Akatero amawaika m'makalasi: a Class A amatchinga madzi 99 pa 100 alionse kapena kuposerapo, pamene a Class D safika ndi 80 pomwe. Wogulitsa akalephera kunena kalasi ya katundu wake, dziwani kuti sanayesedwe. Koma tisathamangire Class A paliponse, chifukwa louvre ikamatchinga kwambiri mvula imatchinganso mpweya. Ngakhale pa louvre wamba, malo odutsa mpweya amakhala pafupifupi theka chabe la bowo lonse, ndipo tikaikanso sefa yotchinga mbalame ndi makoswe amacheperanso. Maganizo anga ndi akuti tiike a mizere iwiri kukhoma kumene kumamenya mvula, tikulitse bowolo, ndipo mbali inayo tiike a ngalande otchipirapo kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko.

Mayi wa komiti ya amayi (Chadiza): Bambo mmisiri, zimene mukunenazi tikuzimva, koma ndi inu nomwe amene munavomereza mabuloko aja pafoni osabwera kudzaona. Ife amene timasesa m'nyumbamo timadziwa kuti madzi amatsikira m'khoma mpaka pansi, pamene mizere yakuda ikuonekera ngakhale lero.

Mmisiri (Kitwe): Amayi, ine ndinati mabuloko opendekera kunja, koma amene anagulidwa ndi oongoka. Funsani amene anagula.

Mlamu (Lusaka): Ine ndinalonjeza agalasi chifukwa ndi amene ndingakwanitse. Ngati mphatso yanga ndi yosayenera, ndiuzeni mwaulemu ndikaiperekere kwina.

Mmisiri (Kitwe): Alamu, musakwiye. Agalasiwo angakhale bwino mu kaofesi ka mlembi, mmene muli munthu masana. Kwa enawo, owotcherera zitsulo a ku Chipata angapinde malata osachita dzimbiri n'kutipangira a mizere iwiri ndikawatumizira chojambula, ngakhale kuti amenewo sadzakhala ndi kalasi yoyesedwa.

Mphunzitsi wopuma pantchito (Katete): Ine sindisonkhanso ngwee imodzi nkhani ya malata isanathe.

Wapampando (Chipata): Nkhani ya malata tidzaikamba pamsonkhano wa pa Khirisimasi tonse tikadzafika kumudzi.

Mlembi (Chadiza): A wapampando, Khirisimasi ili kutali ndipo kuno mitambo yayambanso kuda. Tikufuna kupachika pulasitiki pamabowo ndi kusuntha matumba otsala, koma kiyi wa chitseko chachikulu sali kwa ine. Amene ali naye atiuze.